A Chakachino ndi Ulendo wa ku Hewe

Tinawaika m'manda a Lufeyo Mwale sabata yathayi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo theka la anthu a pamaliropo linali ndi matope a kudambo m'miyendo. Ino ndi nyengo ya nazale. Kugwe maliro, kusagwe, mbande za fodya zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, choncho anthu ankaimba nyimbo uku akuyang'ana dzuwa mwakuba. Mlaliki atatchula dzina lakuti Lufeyo, achinyamata ena anayang'anana ngati asochera maliro. Kuno ku Chamama tonse tinkawadziwa kuti a Chakachino.

Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukawapatsa moni pamsewu n'kuwafunsa za ulendo wa kumpoto, ankakweza chala m'mwamba n'kunena kuti chaka chino ndiye palibe kuchitira mwina. Anthu anamva zimenezi mpaka ana anabadwa, anakula, nawonso n'kuyamba kufunsa. Eni ake dzinalo sankadana nalo. Ankalivomera ndi ulemu wonse ngati la ubatizo.

Ine ndinawapeza ali ndi imvi kale, boma litanditumiza kudzaphunzitsa kuno m'masiku a chipani chimodzi. Nyumba imene ndinkachita lendi inachita malire ndi munda wawo. Anali munthu wamtali, wowonda, wa zala zakuda ndi utomoni wa fodya. Anagwirapo ukapitawo pa esiteti ina yaikulu, kenaka anapeza kamalo kawo n'kumalima fodya wa bale. Mwini esiteti uja pochoka anawagulitsa njinga yamoto yofiira, yakale ndithu, yolira ngati chigayo cha dizilo. Akazi awo, aNyauhango, ankaitcha mkazi mnzawo. Ankati imasambitsidwa kawiri pa sabata pamene iwo sanagulidwepo ngakhale sopo wonunkhira.

ANyauhango kwawo kunali ku Hewe, kuseri kwa Rumphi. Anabwera ku Kasungu ali mtsikana, kutsatira mlongo wawo amene ankalemba m'kaundula pa esiteti, ndipo a Mwale powafunsira anawalonjeza chinthu chimodzi. Anati adzawatengera kwawo pa njinga yamoto, m'nyengo imene mitengo ya mombo ndi tsamba imaphuka masamba ofiira, kuti akaone phiri la kuseri kwa nyumba ya mayi awo lili psuu. Nthawi imeneyo a Mwale analibe ngakhale njinga yakapalasa. Mlongo uja anamwalira, makolo anamwalira, uthenga unkafika maliro ataikidwa kale. ANyauhango sanapondenso kwawo. Basi inalipo, inde, koma a Mwale ankati lonjezo linali la njinga, ndipo mkazi wa munthu wolemekezeka sangakafike kwawo atapanikizana ndi nkhuku.

Vuto linali lakuti mitengo imafiira pa nthawi yomweyo imene nazale imafuna mwini wake. Mvula ikagwa misewu ya kumpoto ndi matope okhaokha, komanso kuli kuwokera ndi kupalira. Ikatha kuli kuthyola, kusoka, kuyanika. M'nyengo yozizira kuli kusankha masamba, kudinda mabelo ndi kudikira ku okushoni. Ukangoti ndipume, wayamba kale kutentha mapesi pa mabedi a nazale. A Mwale ankakonda kunena kuti chaka cha fodya chili ndi miyezi khumi ndi itatu, ndipo wachikhumi ndi chitatuwo ndi umene munthu amabwereka kwa mkazi wake. Ankanena moseka, ife n'kumaseka nawo.

Koma kukonzekera kokha, sindinaonepo munthu wokonzekera ulendo ngati iwo. Lamulungu masana, titaweruka ku mapemphero, ankatulutsa njinga ija, kuipukuta, kuiliza, n'kuwerama khutu lili ku injini. Akakhutira ankaizimitsa n'kulowa m'chigafa, chimene nyengo ya nazale chimakhala chopanda fodya. Ankasalaza dothi ndi phazi, kutenga mkangala woyanikira fodya, n'kuyamba kujambula dziko pansi. Apa boma la Kasungu. Apa mlatho wa Dwangwa. Apa Chatoloma, Nkhamenya, Jenda. Mwala unkakhala Mzimba, chitsononkho chinkakhala Rumphi. Ankadziwa pogula petulo, pogona, pokwera pofuna giya yoyamba, ndi pamene anyamata a malaya ofiira amaimitsa anthu kufunsa khadi la chipani. Makhadi awo awiri ankakhala okonzeka m'chipewa chaka ndi chaka.

Zonsezi anazitola m'kamwa mwa anthu. Dalaivala wa lole akaima pa golosale, kapena tenanti watsopano akangoyankha m'Chitumbuka kuti yewo, a Mwale ankamukokera pamthunzi n'kumufunsa ngati pa Njakwa pali phula. Iwo eni, ndinadzamva pambuyo pake, anali asanapitirirepo pa Jenda.

Ine ankandiitana kuti ndidzakhale mboni. Ndinkakhala pa jeke yodindira fodya, aNyauhango ali pamphasa akusenda mtedza, ndipo kunena zoona ndinkatengeka. Mawu awo ankatsika, maso n'kupita kutali. Ankafotokoza mphepo ya pa Viphya ngati anaipumapo, nkhungu yogona m'zigwa m'mawa, msewu wokhotakhota m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru. Kunja kuli ng'anjo, mafunde a kutentha akuvina pamwamba pa mizere youma mpaka kumene maso alekezera, koma m'chigafamo ndinkamva kuzizira m'mikono. Mlendo akatulukira panjira, phazi la a Mwale linkafufuta dziko lonse kamodzi n'kamodzi. Masiku amenewo munthu wojambula misewu ya kumpoto pansi akanafunsidwa mafunso ovuta, ndipo chigafa chilibe khoma loti n'kubisa kanthu.

Chimene chinkandiseketsa n'chakuti ulendowo unkakula chaka chilichonse. Poyamba unkathera ku Hewe. Kenaka anati munthu sangafike ku Hewe osaona Nyika. Chaka china anawonjezera Nthalire ndi Chitipa, chinanso Karonga, mpaka mzere unatuluka m'chigafa n'kukafika pa khola la mbuzi. Ulendo ukatalika unkafuna matayala atsopano, ndipo matayala ankafuna fodya wa chaka chamawa.

"A Mwale," anatero aNyauhango tsiku lina, osakweza mutu pa lichero, "ine ndinapempha kukaya, kwathu basi. Inu mukundipatsa dziko lonse. Ndilisenza bwanji?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Nkhonoyo ili ndi maso ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Inu alimi a fodya mwambi umenewu simuudziwa?"

A Mwale anangoseka n'kusuntha chitsononkho pang'ono. Ine ndinaona kuti mayiwo sanaseke.

Munthu amene sankawanyengerera anali a Jelasi, oyandikana nawo mabedi kudambo. Awiriwa anakangana zaka zambiri pa chitsime chimodzi. Aliyense ankati anakumba ndi iye, ndipo mwezi wa Okutobala madzi akatsika, wofika mochedwa ankatunga matope. Ku tchalitchi onse anali akulu a mpingo, ankakhala benchi imodzi n'kumaimbira buku limodzi. Kudambo sankapatsana moni. A Jelasi ankalankhula ndi kheni yawo yothirira mokweza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo a Mwale ankayankha kheni yawonso kuti anthu ena anabadwira pa chulu, adzafera pa chulu pomwepo, osadziwa kuti dziko lili ndi mapiri.

Achinyamata amene anadzaza pamaliro paja sakudziwa zonsezi. Iwo akudziwa nkhalamba youma mutu imene inkakaniza nkhwangwa m'kathengo ka kuseri kwa nyumba yake. M'dera lino, mmene mtengo uliwonse unathera ku zigafa ndi ku mabalani, a Mwale anasiya ndime yathunthu ya nthaka yabwino kuti zitsa ziphukire. Milimo ya chigafa ankakagula kutali, mitengo ili pakhomo. Adzukulu awo akadula ngakhale kamtengo ka mpini ankalandira mawu osayembekezeka kwa mkulu wa mpingo. Anthu ankati ukalamba wawalowa m'mutu. Kathengo kameneko kanayamba chaka chimene a Chakachino anapitadi kumpoto, pakuti anapita.

Maso a aNyauhango anayamba kuvuta pang'onopang'ono. Ankati akuona ngati munthu wosuzumira m'bango, ndipo bangolo likunka lichepa. Kuchipatala cha mishoni anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi matenda a m'kati, ndipo chotsala n'kusamala kuwala kumene kulipo. Lamulungu lotsatira a Mwale anajambula dziko lawo monga mwa masiku onse, n'kunena kuti akangowokera, mvula ikadula pang'ono, anyamuka. Tonse tinkadziwa kuti pofika nthawi imeneyo masamba amakhala atabiriwira kale.

M'mawa wina ndinatsikira kudambo kukatunga madzi a kadimba kanga. Mbande za a Mwale zinali zitangomera, tating'ono ngati makutu a mbewa, nthawi imene kuphonya tsiku limodzi n'kutaya chaka. ANyauhango anali ndi kheni m'manja, akuyenda mwaulemu, akuthirira bwinobwino, mofanana, osasiya malo. Koma ankathirira kanjira ka pakati pa mabedi. Madzi ankagwa pa dothi louma lopondapo anthu, bedi lili pambali pawo. Anafika kumapeto, anatembenuka, n'kufunsa ngati pakwana.

A Mwale anali ataima pachitsime, chingwe chili m'manja. Anayang'ana kanjira konyowako nthawi yaitali. A Jelasi nawonso anaona, ndipo kwa nthawi yoyamba kheni yawo sinauzidwe kanthu.

"Pakwana, mayi," anatero a Mwale.

Anatenga makheni onse awiri, anadutsa malire amene anali asanawadutsepo, n'kukawaika pa mapazi a a Jelasi.

"A Jelasi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya inu a Mwale."

"Mabedi awa ndi anu."

"Ndikuthiririrani, mudzawapeza."

"Ayi. Inu ndi ine tikudziwa kuti mbande ndi za wothirira. Musadzandipatse ndi imodzi yomwe. Ndikadziwa kuti zikundidikira ndikabwerera pa Jenda."

Umu ndi mmene zilili kuno. Amene wasenza madzi mwezi wa Okutobala ndiye amawokera, ndipo palibe amene angamutsutse. A Mwale anapereka chaka chathunthu cha fodya, ndi chitsime chomwe, kwa munthu amene sankamupatsa moni. A Jelasi anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso.

Ananyamuka patangopita masiku ochepa, pa matayala akale omwewo. Za Chitipa ndi Karonga sizinatchulidwenso. ANyauhango anakhala cham'mbali, miyendo mbali imodzi, pakuti nthawi imeneyo mkazi sankavala buluku, chitenje atachimanga zolimba, dzanja lili m'chiuno mwa amuna awo. Kumbuyo anamangirira chigubu cha petulo, pampu, ndi nkhuku yoyera yokapereka kwa abale. Ndinawaona akuchepa mumsewu wa ku boma, fumbi likuwatsata, mpaka anasungunuka m'mafunde a dzuwa. Mtima unandiwawa ndi chimwemwe, ndiponso ndi mantha, chifukwa sindinkakhulupirira kuti njinga ija ingakwere phiri.

Anabwerera mvula yoyamba itagwa, onse atada ndi dzuwa, a Mwale mawu atasasa ngati munthu wochokera kokuwa mbalame m'munda wa mapira. Amene ankafotokoza za ulendo anali aNyauhango. Amayi ankadzaza pakhonde kudzamva. Ankati mapiri a ku Mzimba anali ofiirira ngati tsamba la pakati louma bwino pamthunzi. Zigwa zinali ngati masamba a m'munsi, otuwa, opepuka. Pa Njakwa mitengo inali ngati fodya wa kunsonga, wofiira moderako, wonona. Amayiwo ankaseka kuti aNyauhango akhalitsa ku Kasungu, ayamba kuona dziko ngati belo la fodya. Za phiri la kwawo ankangonena kuti analipeza, n'kusintha nkhani. Chaka chimenecho pakhomopo panalibe fodya. Anadya chimanga ndi mtedza, ndipo nthawi ya Khirisimasi aNyauhango anali asakuonanso ngakhale khomo.

Zenizeni a Mwale anandiuza patapita zaka, titaika akazi awo. Tinakhala m'kathengo kaja masana, mitengo itafika kale popitirira denga la nyumba.

Anati atangodutsa Nkhamenya anazindikira kuti mayiwo sakuona chilichonse chopitirira phewa lawo. Anachedwa. Zaka zonse zija za mkangala ndi chitsononkho, anachedwa ndi nyengo imodzi kapena ziwiri. Anafuna kuima kuti alire, koma kumbuyo kunamveka mawu akuti, "Yowoyani, a Mwale. Nenani zimene mukuona." Ndiye anayamba kukuwa mopikisana ndi injini. Anapeza kuti sadziwa maina a mitundu imene ankaiona m'mapirimo. Moyo wawo wonse anayang'ana tsamba limodzi lokha, choncho anasankha mapiri ngati mmene ankasankhira fodya pa tebulo, ili la pakati, ili la kunsonga, ili nambala wani. Anakuwa kuyambira ku Jenda mpaka ku Bolero, fumbi likulowa kukhosi. Dzanja la m'chiuno lija linkafinya pakakhala pokongola, ngati mwini wake waona yekha.

Atafika ku Hewe, mwana wa mlongo wa aNyauhango anawalondolera pa bwinja la mayi awo. ANyauhango anatsika, anatembenukira okha kumene kunali phiri, osalakwitsa. Phirilo linali mbuu. Kunalibe mtengo ndi umodzi womwe, zitsa zokhazokha ndi miyala. M'munsi mwake munali zigafa zatsopano mizeremizere, ndi utsi wa mapesi pa mabedi. Fodya anali atafikako kale, iwo akadali kujambula pansi.

"Lafiira?" anafunsa aNyauhango.

A Mwale anandiuza kuti m'moyo mwawo anali asananamizepo mkazi wawo kupatula nkhani ya chaka chino. Koma tsikulo anayankha kuti lafiira psuu, kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Mayiwo anapendeketsa mutu, kutchera khutu.

"Nanga nyenje zili kuti? Mitengo ikaphuka, kuno munthu sumva mnzako ndi nyenje."

"Injini yakugonthetsani m'makutu, mayi."

ANyauhango anaseka pang'ono. Anafufuza mkono wa amuna awo, anaugwira, n'kunena kuti, "Chabwino. Pitirizani. Yambirani kumanzere, pali mtengo waukulu pamenepo." Ndipo a Mwale anaimirira pa bwinjalo, dzuwa likuwawotcha, n'kubzala phiri lonse ndi pakamwa, mtengo ndi mtengo, mayiwo akuwakonza akalakwitsa malo.

Atabwerera kuno sanakambiranenso za tsikulo. A Mwale anangopita kuseri kwa nyumba, pa ndime imene ankalimapo fodya wabwino koposa, n'kusiya kusadza mphukira za pa zitsa zakale. Mombo sufa msanga. Umangodikira pansi. Chaka choyamba zinali zitsamba, mbuzi zikulimbana nazo. A Jelasi, amene tsopano ankabwera kudzacheza Lamulungu, anathandiza kumanga mpanda wa minga uku akudandaula kuti nthaka ikuwonongeka. Njinga sinapitenso kutali. Inkangopita ku golosale kukagula palafini, ndipo pansi pa chigafa sipanajambulidwenso kanthu. Dzina lokha ndi limene linakana kuchoka.

Nyenje zinabwera mitengo itafika msinkhu wa munthu wokweza manja. Linali tsiku lotentha la Okutobala, aNyauhango ali pamphasa kuseri kwa nyumba. Inayamba imodzi, kenaka zinalandizana mpaka mpweya wonse unkanjenjemera. A Mwale anati anathamanga kuchokera kudambo, kheni ili m'manja, kuti akawauze, koma anawapeza atakhala tsonga, nkhope italoza ku mitengo.

"Lero musanene kanthu, a Mwale," anatero. "Ndikuona ndekha."

Anakhala ndi moyo nyengo zina ziwiri za masamba ofiira. Pondiuza zimenezi a Mwale sanalire. Ankangothyola kamtengo kouma tizidutswa, n'kunena kuti munthu akamati chaka chino, azifunsa kaye maso a mnzake ngati adzafikeko.

Dzulo ndinapitako madzulo, anamfedwa atabalalika. Chigafa chili chopanda kanthu, udzu wa padenga wayamba kugwa mbali imodzi. Njinga anaitenga mdzukulu wa ku Lilongwe, akuti akagulitsa zitsulo. Pamene inkaima patsala banga lakuda la oyilo ndi kadzenje ka mwendo wake. Dothi la pakati ndi losalalabe kuposa pena paliponse, chifukwa cha phazi limene linkafufuta dziko Lamulungu lililonse, ndipo nkhuku zapezapo posambira fumbi. Mkangala wina unali chogona pafupi ndi mzati. Ndinautola, kenaka ndinaubwezera pomwepo.

Kuseri kwa nyumba kathengo kafiira psuu. M'chigwa chonsechi, kuyambira kuno mpaka kumene maso alekezera, ndi malo okhawo ofiira, ndipo nyenje zikulira moti munthu sungamve mnzako. Pamaliro ndinamva adzukulu akunong'onezana kuti muli milimo yokwana zigafa ziwiri, ndipo nkhwangwa ndinaiona itatsamira pankhokwe, yonoledwa kumene. Mphasa ya aNyauhango ikadali pamene a Mwale ankaiyala chaka chilichonse nyengo ino, pansi pa mombo waukulu, itayang'ana ku mitengo. Timasamba tiwiri tofiira tagwerapo, ndipo palibe amene wabwera kudzaipinda.